Kodi khansa ya m'mapapo si imodzi?

Wa ku Chipoka:
Bambo anga aang'ono, amene sanasutepo fodya, akhala akutsokomola kwa nthawi yaitali, ndipo makhololo awo atayezedwa ndi makina a GeneXpert sanapezeke ndi chifuwa chachikulu. Atatumizidwa kuchokera kuno ku Salima kupita kuchipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe, madokotala anatenga kachidutswa ka chotupa cha m'mapapo n'kutiuza kuti ndi khansa, koma akufuna adziwe kaye mtundu wake asanasankhe mankhwala. Kodi mitunduyi amaisiyanitsa bwanji? Kudikiraku kukutisowetsa mtendere.

Wa mu labotale, Nkhotakota:
Pepani kwambiri achimwene ndi matendawa. Khansayi ili m'magulu awiri akuluakulu. Pafupifupi odwala 15 pa 100 alionse amakhala ndi ya maselo aang'ono, imene imafalikira msanga ndipo kawirikawiri imagwira osuta fodya. Otsalawo amakhala m'gulu lina, momwe mitundu yofala ndi adenocarcinoma ndi squamous. Poyang'ana pa maikulosikopu, maselo ena amakhala atasokonekera maonekedwe moti diso lokha silingaweruze, choncho timadula kachidutswako mopyapyala kwambiri, n'kukapaka mankhwala amene amasintha mtundu, kawirikawiri kukhala wofiirira, akakumana ndi puloteni imene tikuifuna. Mapuloteni otchedwa TTF-1 ndi Napsin A akaoneka, timaganizira adenocarcinoma, pamene p40 imaloza ku squamous. Ya maselo aang'ono nthawi zambiri imaonetsa synaptophysin kapena chromogranin. Kusiyanitsaku n'kofunika zedi, chifukwa mankhwala monga pemetrexed amathandiza pa adenocarcinoma koma sagwira bwino pa squamous, ndipo bevacizumab angayambitse kutaya magazi koopsa mwa wodwala squamous.

Namwino wopuma ntchito, Senga Bay:
Mwanawe, ndagwira mawu ako akuti bambowo sanasutepo fodya. Zotsatira zikadzanena kuti ndi adenocarcinoma, udzafunse za kuyeza DNA ya chotupacho. Kuyambira mu 2004 zinadziwika kuti zotupa zokhala ndi kusintha kwa jini (kachigawo ka DNA) yotchedwa EGFR zimamva mapiritsi monga gefitinib ndi erlotinib, ndipo masiku ano kulinso osimertinib. Zokhala ndi kusintha kwa jini ina yotchedwa ALK zili ndi mapiritsi ake, monga alectinib. Kusintha kotereku kumapezeka kwambiri mwa anthu osasuta. Ndikuuze mosabisa kuti kuyezaku ndi mapiritsiwa n'zodula, motero ufunse adokotala ngati zingatheke kuno kwathu kapena ngati kachidutswako kayenera kutumizidwa kunja. Kachidutswako amakasunga koumitsidwa mu phula, ndipo popeza n'kakang'ono, upemphe kuti asakamalize konse, kuopa kuti wodwala angadzabooledwenso kachiwiri.

Wa ku Chipoka:
Zikomo kwambiri amayi, komanso inu achimwene a ku Nkhotakota. Mayina onsewa ndawalemba m'kabuku kawo ka kuchipatala, ndipo tikapitanso ku Lilongwe ndikayamba ndi funso la kachidutswa kosungidwako.