Za mapiritsi a soya ogulira amayi

Achemwali: Mwaswera bwanji nonse. Amayi sakugonabe bwino, thupi likumangowatentha mwadzidzidzi, thukuta usiku wonse. Ndi za msinkhu umene afikawu, wosiya kusamba. Ndamva kuti kuli mapiritsi opangidwa kuchokera ku soya amene amathandiza. Tisonkhe tiwagulire?

Achimwene: Soya yemweyo amene akuti amafoola amuna? Ine ndinasiya kudya, ndipo sindingafune kuti alowe m'nyumba mwa amayi.

Alamu: Pepani alamu anga, ndilowererepo. Mu soya muli tinthu totchedwa isoflavones, tofananako ndi homoni ya akazi ya estrogen, koma mphamvu yake ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi yomwe thupi limapanga lokha. Mantha ambiri anachokera ku nkhosa za ku Australia m'zaka za m'ma 1940, zomwe zinasiya kubereka chifukwa chodya tsiku ndi tsiku msipu wa clover, womwenso uli ndi tinthu totere. Koma nkhosa imagaya chakudya mosiyana ndi munthu. Akatswiri ataunika pamodzi kafukufuku wambiri wa amuna mu 2010 komanso mu 2021, sanapeze kuti soya amatsitsa homoni ya amuna ya testosterone. Ku Japan amadya soya kuyambira ali ana.

Achimwene: Za nkhosazo sindimadziwa. Ndiye mapiritsiwo ali bwino?

Alamu: Pamenepo ndi pomwe ndikuda nkhawa. Kudya soya ndi kwina, piritsi ndi kwina, chifukwa muja anaunjikamo zambiri pamodzi. Ndipo si onse amathandizika. Ena okha ndiwo ali ndi mabakiteriya a m'matumbo osandutsa tinthuti kukhala equol, yemwe ndi wamphamvupo.

Azakhali: Ana inu mwaiwala kuti mayi anu amamwa mankhwala a chithokomiro m'mawa uliwonse?

Alamu: Zikomo azakhali, mwakumbutsa chachikulu. Soya amalepheretsa mankhwala a chithokomirowo, otchedwa levothyroxine, kulowa bwino m'thupi. Pazidutsa maola ngati 4 atamwa mankhwala asanadye chilichonse cha soya.

Achemwali: Mayo ine, ndakhala ndikuwapatsa mkaka wa soya nthawi yomweyo akamwa mankhwala! Kuyambira mawa ndiziwapatsa masana.

Amalume: Musagule kaye kalikonse. Ndalama tisonkhe ndithu, koma zikhale zokaonana ndi dokotala, akawayezenso magazi a chithokomirocho. Za mapiritsi akanene ndi iyeyo. Awaperekeze ndani?

Achimwene: Ndine, Lachisanu ndili ndi mpata. Achemwali, mundikonzere buku lawo la kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa. Mundilemberenso kuti mkakawo anayamba liti.

Achemwali: Chabwino, muzipeza zili m'chikwama mwawo.