Za kakweredwe ka njinga yonyamula katundu

Sabata yatha ndinafunsa mmene ndingakwerere njinga itanyamula thumba la mtedza la makilogalamu 50 pakeliyala, popeza mwendo sungadutse kumbuyo monga tinazolowera. Malangizo amene munandipatsa ndawayesa pa ulendo wopita kumsika wa Kamwendo kuno ku Mchinji, ndipo andithandiza kwambiri. Ndimagwira mabuleki onse awiri, n'kupendeketsa njinga pang'ono kumanzere, kenako n'kudutsitsa mwendo wamanja kutsogolo kwa chishalo, pamwamba pa mtanda. Pedulo ndimayamba ndaikweza kuti kuponda koyamba kukhale ndi mphamvu. Kutsika n'kumene kumafuna kusamala kwambiri, chifukwa thumba limakokera kumene njinga yapendekera, choncho ndimaimiratu n'kuponda pansi ndi mapazi onse awiri ndisanatulutse mwendo. Pamchenga ndimangotsika n'kumakankha.