Udzu wa pa mapuloti oyandikana nafe wandisowetsa tulo

Mayi wa ku Area 49:
Abale anga, ndigawireni nzeru. Tinalowa m'nyumba yathu yatsopano kuno ku Lilongwe mu Meyi, koma mapuloti atatu otizungulira eni ake sanayambe kumanga, ndipo tsekera wake ndi wolekeza m'khosi. Loweruka lapitali anyamata osaka mbewa anayatsa moto, mphepo n'kuukankhira kwathu. Mpanda wathu wa udzu unapsa mbali yonse ya kukhitchini. Tinazimitsa ndi nthambi ndi madzi a m'diramu, ana akulira m'nyumba. Chikhalirecho Okutobala sanafike n'komwe. Ndilambule mpaka pati? Komanso ndili ndi mbande 20 za bulugamu zodikira mvula, ndizibzale m'mbali mwa mpanda?

Mkulu wa ku Mzimba:
Pepani kwambiri mayi. Ine ndakalambira m'nkhalango ya Chikangawa, ndiye mundimvere. Bulugamu pafupi ndi nyumba ayi, paini ayinso. Masamba ake ali ndi mafuta, ndipo makungwa a bulugamu amauluka akuyaka n'kukayatsa kutsogolo. Bzalani mango, mapeyala ndi nthochi, koma nthambi zisamakhudze denga.

Kumweta kokha sikukwanira. Tengani khasu, mupalire mpaka dothi lioneke, mamita atatu kapena anayi kunja kwa mpanda, ndipo udzu mwapalawo muuchotse, musauunjike pomwepo. Chaka chamawa musadikire Ogasiti. Ife tinkatentha udzu usanaumitsitse, cha mu Meyi kapena Juni, madzulo mphepo itadekha, anthu ali chire ndi nthambi m'manja. Moto wa nthawi imeneyo umayenda chokwawa. Koma poti malowo ndi a eni, kambiranani nawo kaye.

Wa m'gadeni ku Knysna:
Achemwali, zimene anena bambowa n'zoona. Moto wa mu Juni 2017 kuno ku Knysna, tauni ya ku South Africa, ndinauona ndi maso anga, ndipo mpaka lero ndikamva fungo la utsi usiku ndimadzuka. Nyumba ina imene ndinkagwirako ntchito malawi sanaifike n'komwe. Inayaka ndi nthethe za moto zimene mphepo inagwetsera pa masamba ouma a paini m'ngalande za padenga. Ndiye sesani padenga, ndipo nkhuni ndi matumba a makala musaziyedzamiritse kukhoma.

Kuno ku South Africa kuli lamulo la 1998 lokakamiza mwini malo amene moto ungayambirepo kapena kudutsapo kuti alambule m'malire mwake. Ndimalakalaka ogula mapuloti kwathu akanamachita zomwezo, osangogula n'kusowa zaka zisanu.

Mayi wa ku Area 49:
Zikomo bambo, zikomo achimwene. Mbande zija ndizitumiza kumudzi ku Dowa zikabzalidwe kumunda. Amfumu a m'dera lathu andipezera mwini puloti imodzi, ndipo wavomera kuti tilipire aganyu pakatimpakati. Awiri enawo mafoni awo sakugwira, koma mbali yawo yoyang'ana kwathu tiyamba kupalira mawa m'mamawa.