Khonde la Amayi ku Chinamwali

Malume: Mwaswera bwanji nonse. Mmisiri akufuna yankho pofika Lachisanu kuti khonde la kuseri kwa nyumba ya amayi anu likhala la matabwa kapena la simenti, chifukwa mvula ikayamba mu Novembala ntchito idzaima.

Achimwene a ku Johannesburg: Ine ndinanena kale kuti tigule matabwa a pulasitiki wosakaniza ndi utuchi. Kuno ndi amene anthu akuyala, sawola, chiswe sichiwadya, ndipo safuna vanishi.

Achemwali a ku Chinamwali: Achimwene, matabwa amenewo amatentha kwambiri pa dzuwa la Okutobala, pamene amayi amakonda kuyenda opanda nsapato. Nanga limodzi likasweka, lina tidzalipeza kuti muno mu Zomba?

Alamu: Bwanji paini wa kuphiri kuno? Mtengo wake ndi wabwinoko.

Achemwali a ku Chinamwali: Alamu, khonde loyamba lija linali la paini. Ndinkapaka oyilo wakutha chaka ndi chaka, ndekha, koma chiswe chinalowera kunsi, ndipo mvula ya Freddy mu 2023 inangodzamalizitsa. Ena ankabwera pa Khirisimasi kudzajambulitsa zithunzi pomwepo.

Malume: Mlombwa ndiye umapirira chiswe, koma masiku ano ukusowa ndipo ngwodula. Mkungudza wa ku Mulanje tisautchule n'komwe, popeza ngwoletsedwa kudula.

Achimwene a ku Johannesburg: N'chifukwa chake ndikuti pulasitiki. Sawola.

Azakhali: Tisanakangane za mtundu wa matabwa, tinagwirizana K80,000 aliyense, koma amene atumiza pa Mpamba ndi anayi okha mwa anthu asanu ndi awiri. Ena akuwerenga mauthengawa osayankha, monga zinachitikira pa nkhani ya chiliza ija.

Alamu: Azakhali, yathu inalowa Lolemba, chonde muonenso.

Achemwali a ku Chinamwali: Popeza wosesa ndi kukolopa pakhondepo ndine, ndikupempha simenti. Pamwamba pakhale pokhakhala pang'ono, osati matailosi amene amaterera akanyowa, ndipo pakhale potsetsereka kuti madzi azithawira kubwalo m'malo molowera kuchipupa.

Malume: Ndamva, mwanawe. Mawa ndikamuuza mmisiri kuti awerengere matumba a simenti, mchenga ndi kwale.

Achimwene a ku Johannesburg: Chabwino, koma mudzandikumbuka simentiyo ikadzayamba ming'alu. Yanga nditumiza mwezi ukatha.

Azakhali: Mwezi wake uti, mwana wanga? Ndipo wina amuimbire foni mng'ono wanu wa ku Mzuzu, ndaona kuti watuluka pa gulu.