Ka wifi ka USB sikakugwira pa Haiku, ndingasamutse driver wa Linux?

kamba_wapansi
Abale thandizeni. Ndaika operating system ya Haiku, R1 beta5, pa laputopu yakale, ikuthamanga bwino zedi, koma wifi zii. Ndili ndi ka dongle kotchipa kaja, pa listusb kakuoneka 148f:7601 ndiye kuti ndi MediaTek MT7601U. Pa Ubuntu kamagwira kokha ndi driver wa mt7601u, ndiye ndimaganiza zotenga source yakeyo ndiikompayile ya Haiku ndili pa Ubuntu pompo poti laputopuyo ndi yofooka. Ndapanga clone haiku, ndaika jam (pulogalamu yomangira source ya Haiku) ndi apt, koma jam ikungolavula ma error isanayambe nkomwe. Ndiyambire pati?

mlatho86
Achimwene, jam ya pa apt yo ichotseni kaye. Haiku ili ndi jam yakeyake yomwe anaisintha, ili mu repo ya buildtools, mulowe mu folder ya jam mupange make kenako ./jam0 install. Komanso gcc ya Ubuntu singakutulutsireni binary ya Haiku, pakufunika cross compiler. Buildtools ikhale moyandikana ndi haiku, mupange folder generated.x86_64 mkati mwa haiku, mmenemo mulembe

../configure --cross-tools-source ../../buildtools --build-cross-tools x86_64

imanga binutils ndi gcc zaHaiku, zimatenga nthawi ndithu ndiye onjezani -j4 kapena kuposa ngati ma core alipo. Ikatha jam -q @nightly-anyboot imakupatsani iso. Za bandulo, buildtools mutha kuikoka ndi --depth=1 palibe vuto, koma haiku yeniyeniyo imafuna ma tag kuti idziwe nambala ya hrev (revision ya Haiku), mukaidula pamenepo build imadandaula.

nankungwi_dev
Zonse wanena mlatho ndi zoona koma inu vuto lanu lalikulu si compiler ayi. Driver wa Linux uja musiyeni. mt7601u payekha ndi kachidutswa chabe, zinthu ngati kusaka ma network, kulumikiza, ma key a WPA, zonsezo amatsamira pa mac80211 ndi cfg80211, zigawo za wifi za mu kernel ya Linux, ndipo Haiku ilibe zimenezo, ndiye mudzapezeka mukulemba theka la wireless stack ya Linux chifukwa cha ka dongle kamodzi. Pamwamba pake ndi GPL pomwe Haiku mbali yaikulu ndi MIT, sangakulandireni msanga pa Gerrit, pomwe amaunikira code yatsopano.

Anthu a Haiku anasankha njira ina kalekale. Ma driver awo ambiri a network ndi a FreeBSD, amawatenga pafupifupi momwe alili nkuwakhazika pa compatibility layer, tsegulani src/libs/compat/freebsd_network muone, net80211, wireless stack ya FreeBSD, nayonso ilipo. Mu beta4 ya 2022 anawonjezera ya OpenBSD, mpomwe panachokera idualwifi7260 ndi iaxwifi200 za ma card a Intel, ndipo ndi beta4 yomweyo yomwe ma wifi a USB ena a Realtek ndi Ralink anayamba kugwira. Chip yanuyo ku OpenBSD ili ndi driver, dzina lake mtw. Yambirani pamenepo. Tengani ralinkwifi mu src/add-ons/kernel/drivers/network/wlan ngati chitsanzo, muone Jamfile ndi glue.c yake, ndi tochepa mudabwa. Koma musanatuluke thukuta yesani kaye nightly, build yatsopano yoyesera ija, beta5 ndi ya 2024 ndipo zinthu zimalowa mwezi ndi mwezi.

kamba_wapansi
Eee zikomo mayi, za mac80211 zo zandifooketsa ndithu kkkk. Cross tools zikumangika pano. Nanga driver akatuluka ndimuika pati poti /boot/system ikukana kulembamo?

mlatho86
Imakana dala, ndi packagefs, read only. Ikani mu /boot/system/non-packaged/add-ons/kernel/drivers/bin ndipo symlink yake ipite ku dev/net. Firmware musaiwale, chip imeneyi siidzuka popanda.

Ndipo musayesere pa laputopu yeniyeniyo poyamba, driver akalakwitsa pointer imodzi mukagwera mu KDL (debugger ya kernel ya Haiku) basi, reboot reboot mpaka kutopa. Yatsani iso mu QEMU, pulogalamu ya virtual machine, pa Ubuntu pomwepo, dongle muipatse ndi -device usb-host,vendorid=0x148f,productid=0x7601 ndiye muonjezere -serial stdio kuti zonse zomwe kernel ikulankhula zizibwera pa terminal yanu. Pa Ubuntu po pangani kaye rmmod mt7601u kuti asamalimbirane chipangizocho. Mukagwera mu KDL lembani bt, zotulukazo mutiponyere pano.

tchale_32bit
Funso langa lapambali, laputopuyo ndi 64 bit ndithu? Ngati ndi 32 bit build yake ndi x86_gcc2 hybrid, ya gcc 2.95 ija yomwe amasungira mapulogalamu a BeOS, OS yakale yomwe Haiku inatengera, ndiye configure imafuna ma architecture awiri osati x86_64.

kamba_wapansi
Ndi 64 bit bwana, Core 2 Duo. Ndikutsitsa nightly kaye usiku uno bandulo ikalola.