Malata akudontha koma mvula kulibe, ndipange bwanji?

Abale anga m'gulu muno ndithandizeni nzeru. Ndinamanga kanyumba ka zipinda zitatu ku Chigumula, tinalowamo Epulo siling'i tisanaike poti ndalama zinathera pa malata. Chiyambireni kuzizira kwa Juni uyu, m'bandakucha uliwonse madzi akumadontha, osati malo amodzi ngati pamene paphonyedwa msomali ayi, denga lonse limangoti madontho mbwee ngati lachita thukuta. Bulangete la mwana limacha lonyowa, matabwa a denga ayamba kuda ndi nkhungu, kukabwera chiperoni ndiye musanene. Amene anakhoma akuti malata atsopano sangadonthe, apongozi akuti tiitane abusa 😂 ine mutu waima.

Kalipentala wa ku Ndirande: Achimwene malata anu alibe mlandu, madziwo ndi anu omwe. Kupuma kwa anthu, kuphika, madzi otentha osamba, zonsezo ndi nthunzi, ndiye usiku lata limazizira kwambiri nthunzi ija ikaligunda imasanduka madzi, ngati botolo la Fanta lotuluka mufiliji. Kodi pakati pa khoma ndi malata anamata ponseponse?

Wofunsa: Anamata ndithu, ndinachita kumuuza ndekha kuopa makoswe ndi fumbi. Komanso madamu amalowetsa mbaula usiku, matewera timayanika pabalaza.

Kalipentala wa ku Ndirande: Basi ndi zimenezo. Boolani maventi pamwamba pa khoma mbali ziwiri zoyang'anizana kuti mphepo izilowa uku kutulukira uko, muikepo waya wa sefa kuopa mileme. Matewera panja.

Mayi wa ku Dedza: Zamadonthozo pambali kaye, mbaula itulutseni lero lomwe bambo. Makala m'nyumba yotseka chonchi amatulutsa mpweya wosanunkha, anthu amafera kutulo, ndiye muli ndi khanda.

Mnyamata wa ku Area 25: Ingoikani siling'i bwana nkhani ithe

Kalipentala wa ku Ndirande: Ayi asathamangire. Akaika asanaboole, madzi azidonthera pa bodi mpaka ifufume n'kugwa, ndaphwasulapo zambiri zotere. Chabwino chinali kuyala foyilo pansi pa malata pokhoma, pano mpaka kuzula misomali yonse.

Wofunsa: Mbaula yatuluka kale amayi, zikomo. A kalipentala, maventiwo ndiboole angati, nanga kuchipinda kwa mwana sikuzizira kwambiri?