Za vidiyo ya ukwati ija, zatheka

Abale, muja ndinafunsa za vidiyo ya ukwati wa achemwali, imene ndinakopera pa kompyuta kuchokera pa matepi a kamera a MiniDV koma TV n'kumaikana, tsopano zayenda. Fayiloyo inali ya mtundu wa AVI, yolemera pafupifupi 13 GB pa ola limodzi, moti ngakhale mu flash sinkalowa, poti flash yosunga mafayilo m'njira yotchedwa FAT32 silandira fayilo yoposa 4 GB.

Ndagwiritsa ntchito HandBrake, pulogalamu yaulere yosinthira vidiyo kukhala fayilo ya mtundu wina. Ndinasankha fayilo ya mtundu wa MP4, kafinyidwe ka zithunzi ka H.264, ka mawu ka AAC, RF (nambala yolamulira kuoneka bwino kwa chithunzi) n'kuika pa 20. Chomwe chinandizunguza mutu ndi timizere tokhala ngati mano a chipeso tooneka anthu akamavina. Kamera ngati yathuyi imajambula chithunzi chilichonse m'magawo awiri olukana, ndiye pamafunika kuyatsa deinterlace, yomwe imasandutsa magawowo kukhala chithunzi chathunthu. Kwa ine Yadif, imodzi mwa njira za deinterlace mu HandBrake, ndiye yachotsa timizereto. Kukula kwa chithunzi ndinakusiya pa 720x576, chifukwa kukuza sikuwonjezera kuoneka bwino, kumangonenepetsa fayilo.

Pano ikuoneka bwino pa TV komanso pa foni ya amayi. AVI yoyamba ija sindinafufute, ndaisunga pa hard drive ina, poti MP4 imataya zina pofinyidwa.